Mayunitsi Akutha Aliyense Ali M'tulo: Momwe Mungapezere Chipangizo Chomwe Chikudya Magetsi

Funso loti n'chiyani chikumaliza mayunitsi a magetsi m'nyumba limandipeza m'njira ziwiri. Ena amabwera atapsa kale mtima: "Mita yathu ikuba, tagula mayunitsi Lolemba koma pofika Loweruka yayamba kulira." Ena amafunsa modekha ngati n'zoona kuti tchaja ya foni ikatsala pa soketi imamaliza magetsi, chifukwa kwawo nkhani imeneyi yafika poyambanitsa bambo ndi ana. Ndayankha pafoni, pa WhatsApp, ngakhale panjira potuluka m'tchalitchi, ndipo yankho lapakamwa limakhala loperewera nthawi zonse. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, mokwanira.

Mita yowerenga molakwika ilipo, koma si kawirikawiri. Tchaja ya foni nayo amangoinamizira. Zomwe zimadya magetsi mwakachetechete ndi zipangizo zitatu kapena zinayi, ndipo zambiri zili pashelefu ya pabalaza pomwe pali TV. Mumazizimitsa ndi rimoti, chithunzi n'kuchoka, phokoso n'kutha, inu n'kumati zazima. Sizinazime ayi. Zili pa standby, kutanthauza kuti zangogona. Zili ngati makala omwe mayi amakwirira ndi phulusa akaphula mphika kuti mawa asavutike kukoleza: malawi sakuoneka, koma makala akunyeka ndithu. Chipangizo chimasunga mbali yake ina ili maso kuti imve rimoti, isunge nthawi, kapena ilandire uthenga wa pa intaneti ndi wa pa setilaiti.

Chomwe ndikufuna muchite ndi kuyeza musanayambe kuzula mapulagi nyumba yonse. Choyezera muli nacho kale pakhoma, ndi mita yanu yomweyo.

1. Gwirani kaye masamu ake

Yuniti yomwe mumagula pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki ndi yomwe pa lisiti amalemba kuti kWh. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi, yuniti imodzi yapita. Cha mawati 100 chimaimaliza m'maola 10, cha mawati 10 m'maola 100.

Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Ndiye kuti wati imodzi yosazima usana ndi usiku imadya mayunitsi 0.72 pamwezi, kapena 8.76 pachaka. Nambala yoti musaiwale ndi 0.72 imeneyi. Mukapeza kuti chinthu chikudya mawati 15 chili chigonere, chulukitsani 15 ndi 0.72, mupeza mayunitsi pafupifupi 11 pamwezi. Nyumba yomwe zogonazi zikukwana mawati 40 ikutaya mayunitsi pafupifupi 29 mwezi uliwonse popanda woonera, popanda womvera.

Tsopano tiiweruze tchaja ija. Tchaja yabwino yamakono ikakhala pa soketi popanda foni imadya pansi pa theka la wati, zambiri zimakhala cha pa 0.2 kapena kutsika apo. Pamwezi ndi mayunitsi 0.14. Ketulo ya mawati 2,000 ikawira mphindi 5 imadya 0.17. Mwezi wonse wa tchaja sufika pa tiyi wa m'mawa umodzi. Kuichotsa pa soketi ndi khalidwe labwino, makamaka ikakhala yotchipa ija yomwe imatentha ndi kulira chapansipansi, chifukwa imeneyo ikhoza kuyambitsa moto. Koma musayembekezere kuti mayunitsi ayamba kukhalitsa chifukwa cha icho.

Kuti mudziwe ndalama zake, tengani uthenga wa tokeni yomwe munagula komaliza, mugawe ndalama ndi mayunitsi omwe munalandira. Dziwaninso kuti pa mita zambiri zapanyumba ESCOM imagulitsa mayunitsi 50 oyamba a pamwezi pamtengo wotsikirapo, otsatirawo n'kukwera. Ngati nyumba yanu imadutsa 50, yuniti iliyonse yomwe mwapulumutsa ndi ya mtengo wokwera uja.

2. Yendani m'nyumba m'mamawa, muzikhudza

Magetsi omwe chipangizo chadya chili chigonere sapita kwina, amasanduka kutentha. Choncho dzukani m'mamawa wina asanayatse kanthu, muyende ndi pepala ndi cholembera. Ikani kunja kwa dzanja pamwamba pa chipangizo chilichonse chomwe chili pa soketi, ndi pa adaputa yake. Khudzani chikuto chokha, osati mawaya kapena mano a pulagi, ndipo manja akhale ouma. Chozizira chisiyeni. Chofunda chilembeni. Tcheraninso khutu, chifukwa chomwe chikung'ung'uza chili ndi thiransifoma yomwe ikugwira ntchito.

Kagetsi kofiira kaja kasakupusitseni. Pakokha kamadya zochepa kwambiri moti sizingawerengeke. Pali zipangizo za kagetsi kowala zomwe sizidya kanthu, ndipo pali zina zopanda kagetsi zomwe zikudya mawati 10.

Choyamba kupezeka chofunda m'nyumba zambiri ndi dikoda. Ma dikoda ambiri, makamaka akale ndi aja ojambula mapulogalamu, akazimitsidwa ndi rimoti amangosiya kutumiza chithunzi ku TV, koma mkati zonse zili m'chimake. Amapitiriza kumvera setilaiti kuti alandire ndandanda ya mapulogalamu ndi uthenga woti mwalipira, komanso amadyetsa LNB, kachipangizo kaja kokhala kutsogolo kwa dishi, ndi mavoti 13 kapena 18 kudzera pa waya yemweyo wa siginolo. N'chifukwa chake kusiyana kwa dikoda yoyaka ndi yogona kumatha kukhala wati imodzi kapena awiri basi.

Chachiwiri ndi sabuwufa kapena home theatre. Zambiri zili ndi thiransifoma yolemera yomwe imayamba kudya pulagi ikangolowa, kaya nyimbo ikulira kaya ayi. Kenako TV yakale ija yamsana waukulu, smart TV yomwe imayaka mwamsanga kwambiri, gemu ya ana monga Xbox kapena PlayStation, rauta ya intaneti, kompyuta ya patebulo ndi UPS yake (bokosi la batire loisungira magetsi akazima), ndi microwave yoonetsa nthawi. Amene munalandira katundu wochokera ku America kapena Japan, yang'anani kabokosi kolemera kotsitsa magetsi kuchoka pa mavoti 230 athu kufika pa 110. Kameneko kamadya tsiku lonse ngakhale chomwe kamatumikira chili chozimitsa.

Zaka za chipangizo zili ndi mbali yake. Mu 1999 bungwe la International Energy Agency linayamba kulimbikitsa kuti chipangizo chogona chisadutse wati imodzi. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo lake: wati imodzi kuyambira 2010, theka la wati kuyambira 2013, ngakhale kuti zipangizo zomwe zimagona zili pa intaneti anazipatsa malire okwererapo. Ife kuno timagula zosakanikirana, zatsopano, zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Britain kapena ku Joni, ndi zina zosadziwika komwe zinapangidwa. TV yatsopano ya kampani yodziwika ikhoza kugona ndi theka la wati, pomwe sabuwufa yomwe ili pambali pake ikudya zoposa pamenepo maulendo 20.

Cholakwika chomwe ambiri amachita apa ndi kuwerenga chikwangwani cha kumbuyo kwa chipangizo. Nambala ija, kaya 65W kaya 120W, ndi yomwe chimatha kufika chikamagwira ntchito mwamphamvu. Siikuuzani kanthu za pogona. Ya pa sipika yolembedwa mwa zilembo zikuluzikulu, 2000W kapena 5000W, imeneyo ndi yotsatsira malonda chabe.

3. Yezani nyumba yonse ndi kagetsi ka pa mita

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amadumpha, amangoti gulani choyezera. Mita ya prepaid ili ndi kagetsi kamene kamathwanima nthawi iliyonse pamene magetsi a mlingo wakutiwakuti adutsa. Pafupi nako pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi imp/kWh, mwachitsanzo 1000 imp/kWh. Zikutanthauza kuti kakathwanima ka 1,000, yuniti imodzi yatha. Mita zina zili ndi timagetsi tiwiri kapena titatu. Kena kamangoonetsa ngati mayunitsi alipo ambiri kapena atsala pang'ono. Kuti mudziwe koyenera, yatsani ketulo: komwe kayambe kuthwanima mothamanga ndi komweko.

Sankhani nthawi yomwe m'nyumba muli bata, ndipo muwauze onse kuti kwa theka la ola asayatse kanthu. Zimitsani mababu onse, ndi akunja omwe. Zimitsani giza pa buleka yake. Zimitsani filiji ndi firiza pa soketi, ndipo zitseko zake zisatsegulidwe, kwa ola limodzi chakudya sichiwonongeka. Tcherani alamu pafoni yokukumbutsani kuyatsanso filiji, chifukwa kuiwala kumeneku kwawonongetsa nyama ndi nsomba m'nyumba zambiri. Ngati pali pampu ya madzi, izimitseninso. Mafoni ndi malaputopu achotseni pa tchaja. Zina zonse zisiyeni momwe mumazisiyira mukamakagona: TV, dikoda ndi sabuwufa zozimitsidwa ndi rimoti koma pa soketi zili zoyatsa.

Dikirani mphindi 15 kapena 20 musanayambe kuwerenga. Smart TV ndi magemu ambiri sagona nthawi yomweyo, amakhala kaye akumalizitsa zamkati, ndiye mukayeza msanga mupeza nambala yokwera yomwe si yoona.

Tsopano imani pa mita ndi wotchi ya pafoni. Kagetsi kakathwanima, yambitsani wotchi. Kakathwanimanso, imitsani. Musayambe kuwerenga pakati, yambirani pa kuthwanima penipeni. Ngati mita yanu ndi ya 1000 imp/kWh, gawani 3,600 ndi masekondi omwe mwapeza, yankho ndi mawati. Masekondi 60 ndi mawati 60. Masekondi 90 ndi mawati 40. Masekondi 120 ndi mawati 30. Mphindi 6, omwe ndi masekondi 360, ndi mawati 10. Mita ikakhala ya nambala ina, m'malo mwa 3,600 gwiritsani ntchito iyi: ya 800 ndi 4,500, ya 1600 ndi 2,250, ya 2000 ndi 1,800, ya 3200 ndi 1,125. Bwerezani katatu. Ngati mayankho atatuwo akusiyana kwambiri, pali chinthu chomwe chikuyaka ndi kuzima chokha, ndipo kawirikawiri ndi firiza ya kusitolo kapena giza yomwe mwaiwala.

Nanga nambalayo ikuti chiyani? Mwa kuona kwanga, pansi pa mawati 10 palibe chodandaulitsa, vuto lanu lili kwina. Pakati pa 10 ndi 30 pali chinthu chimodzi kapena ziwiri zoyenera kuzipeza. Kupitirira 30, pitirizani ndithu ndi malangizowa, mupulumutsa ndalama yooneka.

Nyumba zina mita yeniyeni ili pa polo kapena m'bokosi lokhoma kunja, m'nyumba muli kabokosi kolowetsera tokeni kokha. Musakwere polo, musatsegule bokosi, musakhudze chidindo. Ndi mlandu, komanso mukhoza kufa. Onani ngati kabokosi ka m'nyumbako kali ndi kagetsi kothwanima. Ngati kalibe, gwiritsani ntchito mayunitsi omwe kamaonetsa. Lembani nambala yonse ndi madesimo ake nthawi ya 10 koloko usiku, mulembenso 6 koloko m'mawa. Kusiyana kwake kuchulukitseni ndi 1,000 n'kugawa ndi maola 8. Ngati apita mayunitsi 0.4, ndiye kuti nyumba imadya mawati 50 usiku wonse. Filiji simungaizimitse maola 8, choncho yezani mausiku awiri filiji ili yoyaka: woyamba zonse zili mwa masiku onse, wachiwiri mutazimitsa pa soketi zonse za pashelefu ya TV. Kusiyana kwa mausiku awiriwo ndi komwe shelefu ija imadya. Filiji imadya mosiyana malinga ndi kutentha kwa tsikulo, ndiye ndi bwino kubwerezanso sabata yomweyo. Kabokosi ka tokeniko, ngati ndi kaja kokhala pa soketi, kasiyeni pomwepo.

Pali chinthu chimodzi chomwe muyenera kuchita musanachoke pa mita. Zimitsani soketi zonse m'nyumba, chilichonse. Kagetsi kaja kayenera kusiya kuthwanima. Ngati kakupitirizabe, nkhani yasintha, si ya standby. Pitani pa bokosi la mabuleka, muzitsitsa imodziimodzi mpaka kuthwanima kutasiya. Buleka imeneyo ndi yomwe ili ndi nkhani. Mwina waya wake ukupita ku nyumba ya kuseri, ku shopu ya pageti, kapena kwa oyandikana nawo, zomwe zimachitika kwambiri m'nyumba za lendi zomwe poyamba zinali pa mita imodzi. Mwinanso waya wasupuka penapake ndipo magetsi akuthawira pansi, zomwe ndi zoopsa. Apa itanani wamagetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Mukatsitsa buleka yaikulu koma mayunitsi n'kumapitabe, pamenepo ndiye muli ndi chifukwa chokadandaulira ku ESCOM, mutanyamula manambala omwe mwalemba.

4. Pezani chipangizo chenichenicho

Njira yophweka ndi kuzimitsa pa soketi chimodzichimodzi cha zomwe munalemba zija, n'kumayezanso. Munali pa mawati 40, mwazimitsa dikoda, mwatsika pa 27: dikoda imadya 13. Vuto lake n'loti mukamatsika, kudikira kumatalika. Pa mawati 5, mita ya 1000 imathwanima kamodzi pa mphindi 12, ndipo mita zina zimavutika kuwerenga bwino katundu wochepa chonchi.

Chochita ndi ichi. Zimitsani zonse, musiye choyaka chimodzi chomwe chimadya mosasinthasintha, monga babu lakale lija la mawati 60, kapena mababu a LED angapo pamodzi. Simbi yositira, filiji kapena hotipuleti sizingathandize chifukwa zimadzizimitsa ndi kudziyatsa zokha. Yezani nthawi ya kuthwanima kasanu. Tiyerekeze kuti yakwana masekondi 300, ndiye kuti kumodzi ndi masekondi 60, mawati 60. Tsopano yatsani pa soketi chipangizo chomwe mukuchikayikira, muchigoneke ndi rimoti, mudikire chikhazikike, muyezenso kasanu. Mwapeza masekondi 250, kumodzi ndi 50, mawati 72. Chotsani 60, chipangizocho chikudya 12. Mukapeza kuti kusiyana ndi masekondi 4 kapena 5 okha pa 300, chisiyeni, chili pafupi ndi wati imodzi ndipo sichiyenera nthawi yanu.

Mukakhala ndi mwayi wopeza kachoyezera kolowetsa pakati pa soketi ndi pulagi, kamene kamaonetsa mawati, ntchito imafupika kwambiri, ndipo kamodzi kakhoza kuzungulira nyumba zingapo za achibale. Onetsetsani kuti mukuwerenga W, osati VA kapena A. Totchipa timalakwitsa pa katundu wa pansi pa mawati 2, koma zomwe mukusaka ndi za mawati 5 kupita m'mwamba, ndiye tikukwanira.

Amene muli ndi multimeter, musayese kudula waya kuti muyeze maampu. Kupatula ngozi yake, yankho likunamizani. Pa zipangizo zogona, kuchulukitsa maampu ndi mavoti kumapereka nambala yokwera kuposa mawati enieni omwe mita imakulipiritsani, nthawi zina kuwirikiza kangapo.

5. Lowani mu menyu musanathamangire ku soketi

Zipangizo zambiri zamakono zili ndi tulo tiwiri, tofulumira kudzuka ndi tofa nato, ndipo kusankha ndi kwanu. Pa smart TV fufuzani mawu monga Quick Start, Fast Start kapena Instant On, muzimitse. Zimitsaninso zoti TV izidzutsidwa ndi foni, ndi intaneti kapena ndi mawu, ngati simuzigwiritsa ntchito. Pa ma TV ena kusintha kokhaku kumatsitsa kuchoka pa mawati opitirira 10 kufika pansi pa wati imodzi. Mtengo wake ndi woti TV izichedwa masekondi angapo poyaka. Pa Xbox zatsopano, Sleep imadya mawati 10 mpaka 15, pomwe Shutdown yosunga magetsi imadya pafupifupi theka la wati. Pa PlayStation lowani pa zosankha za Rest Mode muchotse zomwe simukuzifuna, kapena muzingoizimitsiratu. Pa dikoda ndi sabuwufa onani ngati pali Eco kapena Auto Power Down. Kompyuta ya patebulo izimitseni ndithu mukamaliza ntchito, pamodzi ndi sikirini ndi masipika ake.

Mukasintha, yezaninso. Mawu a mu menyu amalonjeza zambiri, mita ndiyo imanena zoona.

6. Zotsalazo ziikeni pa swichi imodzi

Soketi zathu za mano atatu zili ndi ubwino womwe mayiko ambiri alibe: iliyonse ili ndi swichi yake. Swichi ija ikatsika, chipangizo sichidya kanthu, palibe chifukwa chozula pulagi. Kuzulazula tsiku ndi tsiku kumakulitsa mabowo a soketi, pulagi n'kuyamba kugwedera, kuthetheka ndi kutentha.

Chomwe chimalepheretsa anthu ndi choti soketi ya TV imakhala kuseri kwa shelefu komwe dzanja silifika. Gulani ekisitenshoni yabwino ya swichi, muiike poonekera, kutsogolo kapena pambali pomwe ngakhale mwana wa sukulu akhoza kufika. TV, sabuwufa, DVD, gemu ndi dikoda zilowe mmenemo. Wogona momaliza azimitse kaye chilichonse ndi rimoti, kenako atsitse swichi imodziyo. Osayamba ndi swichi zinthu zili zoyaka, makamaka gemu, kompyuta ndi dikoda yojambula, chifukwa mukhoza kuwononga zomwe zasungidwa mkati. Dikoda ya mawati 12 ikamazima maola 16 patsiku, mwapulumutsa mayunitsi pafupifupi 6 pamwezi pa iyo yokha.

Pa ekisitenshoni musaumire ndalama. Yopepuka ngati chikho cha pulasitiki, ya waya wowonda, imasungunuka. Yabwino imalemera m'manja ndipo pulagi yake ili ndi fyuzi. Ketulo, simbi, hita ndi hotipuleti zisalowe mmenemo. Chizolowezi chija chotsegula bowo la pamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni kuti pulagi ya mano awiri ilowe, chisiyeni. Pulagi yotero imagwira mwa theka, ndipo ndi yomwe mumaimva ikuchita tsetsetse usiku. Gulani adaputa yoyenera kapena musinthitse pulagiyo.

Kuzimitsa pa swichi kuli ndi phindu lina lomwe kwathu kuno mwina limaposa la mayunitsi. Magetsi akazima n'kubwera, nthawi zina amabwera mokankha, ndipo chipangizo chogona chimalandira nkhonyayo mofanana ndi choyaka. Ma TV ndi ma dikoda ambiri omwe amathera kwa okonza anapsa eni ake ali m'tulo kapena ali kuntchito. Koma pa ziphaliwali za nyengo ya mvula swichi siikwanira. Pamenepo zulani pulagi, muchotsenso waya wa dishi kapena wa eriyo, mvula isanafike pamutu.

7. Izi musazizimitse mwachisawawa

Filiji ndi firiza sizili m'gulu la zogona, zikugwira ntchito. Kuzizimitsa usiku uliwonse kumaika chakudya pachiswe, ndipo m'mawa zimayaka nthawi yaitali kubweza kuzizira komwe kwatayika. Alamu, mpanda wamagetsi, makamera achitetezo ndi makina a wodwala zisiyeni. Rauta mukhoza kuizimitsa usiku ngati makamera kapena alamu sizidalira iyo.

Dikoda yomwe mwaiuza kuti ijambule mpira wa usiku iyenera kukhala pa magetsi. Ndipo dikoda iliyonse ikakhala yozima masabata angapo ikhoza kuphonya uthenga wa malipiro kapena pulogalamu yatsopano. Choncho tsiku lolipira iyatseni musanatumize ndalama, muisiye yoyaka mpaka matchanelo atatseguka. TV ya mtundu wa OLED imakonza sikirini yake ikangozimitsidwa ndi rimoti, ndiye ipatseni nthawi musanatsitse swichi, kapena ingoisiyani pa soketi yakeyake mutazimitsa Quick Start. Pulinta ya inki yamadzi izimitseni ndi batani lake, chifukwa zambiri zikadulidwa magetsi mwadzidzidzi zimatsuka mitu poyakanso, ndipo inki ndi yodula kuposa mayunitsi omwe mwapulumutsa.

8. Ngati muli pa sola kapena pa inveta

Apa nkhaniyi imakula, chifukwa chomwe chikutha si ndalama yokha koma kuwala kwa usiku womwewo. Batire la mavoti 12 ndi 100Ah limasunga magetsi okwana yuniti 1.2. Likakhala la mtovu, lamadzi kapena la gel, simuyenera kulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye zomwe muli nazo ndi 0.6. Dikoda ndi sabuwufa zogona ndi mawati 20 kwa maola 10 zadya 0.2, gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zomwe munali nazo.

Onjezerani inveta yeniyeniyo. Ikangoyatsidwa imadya, ngakhale palibe cholumikizidwa. Zazing'ono zimatenga mawati angapo mpaka 20, zazikulu zimapitirira apo. Anthu ambiri amagula batire lachiwiri poganiza kuti loyamba latha mphamvu, chonsecho inveta ndi shelefu ya TV ndi zomwe zikulimaliza usiku. Ngati mababu anu ndi a mavoti 12 ochokera pa batire mwachindunji, zimitsani inveta pogona. Ngati ili ndi Power Saving kapena Search Mode, yatsani, koma muyese ngati ikudzuka mukayatsa babu limodzi la LED, chifukwa zina sizimva katundu wochepa. Pa inveta yomwe ikudyetsa filiji, siyani yoyaka, mungochotsa zogonazo.

9. Pakatha sabata, bwererani pa mita

Yezaninso monga pa nambala 3, nthawi yomweyo ya tsiku, muyerekeze ndi nambala yoyamba. Ngati mwatsika kuchoka pa mawati 40 kufika pa 10, mwabweza mayunitsi opitirira 20 pamwezi. Ngati munali kale pansi pa 10 koma mayunitsi akuthabe msanga, lekani kulimbana ndi shelefu ya TV, pitani kukhitchini ndi kubafa. Mbale imodzi ya hotipuleti imadya mawati 1,000 mpaka 2,000, ndiye nyemba zouma zophikidwa maola atatu osaviika zikhoza kumaliza zomwe dikoda imadya sabata yathunthu kapena kuposa. Giza ya malita 150 yosiyidwa yoyaka imataya mayunitsi pafupifupi 2 patsiku pongosunga madzi ali otentha, wina asanasambe n'komwe. Babu lakale la mawati 100 la panja, loyaka maola 12 usiku uliwonse, ndi mayunitsi 36 pamwezi, pomwe la LED la mawati 12 ndi 4 ndi pang'ono. Filiji nayo iyeseni: tsekerani pepala pachitseko, mulikoke. Likatuluka mosavuta, labala wa chitseko watha ndipo injini ikuyaka nthawi yaitali kuposa moyenera. Yesani mbali zonse zinayi za chitseko, makamaka pansi pomwe labala amayambira kung'ambika, ndipo mukapeza pofooka musinthitse labalayo.